Madzi anailephera Cairo, koma anthu ake akutha

Usiku wa pa 2 Meyi 2011, mainjiniya a asilikali a dziko la America anaphulitsa dala chipupa chotchinga madzi pamalo otchedwa Birds Point, m'chigawo cha Missouri. Madzi a mtsinje wa Mississippi anakhuthukira m'minda yokwana maekala pafupifupi 130,000, n'kumiza mbewu ndi nyumba za alimi. Anachita zimenezi pofuna kupulumutsa katauni kena kamene kali kutsidya, m'chigawo cha Illinois, komwe madzi anali atakwera kufika pafupifupi mamita 19 pa chipangizo choyezera, mlingo umene unali usanaonekepo. Alimi analira, akuluakulu a Missouri anathamangira kukhoti kuti aletse, koma anagonja. Tauniyo inapulumuka, m'misewu yake simunadutse bwato.

Dzina lake ndi Cairo. Musaganize za ku Egypt. Iyi ndi Cairo ya ku America, ndipo eni ake amaitchula ngati "Kero". Pa kalembera wa 2010 munali anthu 2,831. Pa kalembera wa 2020 munatsala 1,733. Boma linamiza minda ya anthu ena kuti tauniyi isamire, koma m'zaka khumi zokha anthu oposa 1,000 anamanga akatundu n'kuchoka okha, madzi asanawakhudze n'komwe. Nkhani imeneyi yakhala ikundivuta mumtima, chifukwa ife tinazolowera kunena kuti malo akamatha ndiye kuti ndi tsoka, ndi chilengedwe, ndi mmene Mulungu anafunira. Ine ndikuti manambala a kalembera wa Cairo ndi kaundula wa zimene anthu anasankha kuchita, chaka ndi chaka, ndipo ambiri mwa anthuwo anali ndi maudindo.

Ku America pafupifupi chigawo chilichonse chimagawidwa m'madera otchedwa county, ndipo kawirikawiri county imakhala ndi tauni imodzi komwe kuli khoti, ofesi ya malo, ofesi ya misonkho ndi mkulu wa apolisi amene amamutcha sheriff. Kwathu kuno tikanangoti pa Boma. Cairo ndi pa Boma pa Alexander County, kumapeto kwenikweni kwa Illinois chakummwera, pakansonga kamene mitsinje iwiri ikuluikulu, Ohio ndi Mississippi, imakumana. Aliyense woyang'ana mapu anganene kuti apa pakanayenera kukhala mzinda waukulu. Anthu a ndalama a kale ankaganizanso choncho. Mu 1818 ena anatenga chilolezo chomanga mzinda ndi banki pamalopa, koma zinathera papepala. Mu 1837 Darius Holbrook anayambitsa kampani ina, anakongola ndalama ku London, anayamba kumanga zipupa zotchinga madzi, koma amene anamukongozawo atagwa mu 1840 ntchito yonse inaima. Malowo ndi otsika, achithaphwi, audzudzu. Chimene chinadzutsa Cairo ndi njanji ya Illinois Central, imene inafika pakati pa zaka za m'ma 1850. Sitima yapamtunda itakumana ndi sitima zapamadzi, katundu anayamba kutsitsidwa ndi kukwezedwa pomwepo, ndipo pamene pali katundu wotsitsa pamakhala ganyu. Pofika 1860 munali anthu 2,188, ndipo cha nthawi yomweyo likulu la county linasamutsidwa kuchoka ku katauni ka Thebes kubwera ku Cairo.

Kenako kunabwera nkhondo yapachiweniweni. Asilikali a kumpoto anaona kuti wogwira Cairo wagwira mitsinje yonse iwiri, choncho anamanga linga la Fort Defiance pansongapo, ndipo mu 1861 Ulysses Grant, amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti, anaika likulu lake m'tauniyi. Anthu akuda ambirimbiri othawa ukapolo kummwera anafikira ku Cairo, ena n'kukhazikika. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ikutanthauza kuti anthu akuda a ku Cairo si alendo obwera dzulo. Anakula nayo tauniyo, ananyamula matumba padoko, anagwira ntchito m'mafakitale ocheka matabwa ndi panjanji. Mu 1870 anthu anafika 6,267, mu 1890 anapitirira 10,000, ndipo mu 1920 anakwana 15,203. Apo ndiye panali pachimake. Nyumba ya kasitomu imene inatha kumangidwa mu 1872 ilipobe, laibulale ya njerwa zofiira ya 1884 ilipobe, ndi nyumba zingapo za anthu olemera a nthawiyo. Ukaziona pazithunzi, zitaima pakati pa mapuloti omera udzu, umachita kudziwa kuti pano panadutsa ndalama.

Amene amafotokoza za kugwa kwa Cairo mwachidule amati inaphedwa ndi milatho, ndipo sakunama kwenikweni. Chuma cha tauniyi chinkadalira kuti munthu kapena katundu akafika pamtsinje aime, adikire boti lowolotsa, adye, agone, alipire. Mlatho wa njanji wa pa Ohio unatha mu 1889, wina unamangidwa ku Thebes mu 1905, ndipo mabogi amene ankawolotsedwa pamaboti anayamba kungodutsa pamwamba. Mu 1929 kunabwera mlatho wa magalimoto wa pa Mississippi, mu 1937 wa pa Ohio. Milatho iwiriyi imakumanira kunsonga, kunja kwa tauni, moti wochokera ku Missouri kupita ku Kentucky amatsika mlatho uwu n'kukwera winawo osaona ngakhale sitolo imodzi ya mu Cairo. Mu 1978 msewu waukulu wa Interstate 57 unawoloka Mississippi chakumpoto, nawonso n'kuilambalala tauniyo. Onjezani kuti makina analanda ntchito za m'minda, ndipo achinyamata a kumidzi ya ku America konse ankathamangira kumizinda ikuluikulu monga Chicago ndi St. Louis. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikuzikana.

Koma taonani Paducah, ku Kentucky, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchokera ku Cairo. Nayonso ndi pa Boma pa county yake, nayonso ili m'mbali mwa Ohio, nayonso inakulira sitima zapamadzi ndi njanji. Pa chigumula choopsa cha 1937 pafupifupi mzinda wonse wa Paducah unamira, anthu anasamutsidwa pamaboti. Cairo chaka chomwecho inatchingidwa ndi zipupa zake, inakhala youma. Lero ku Paducah kuli anthu pafupifupi 27,000. Ku Cape Girardeau, ku Missouri, kumtunda pang'ono m'mbali mwa Mississippi, kuli anthu pafupifupi 40,000. Mzinda umene unamira uli moyo, umene sunamire ukutha. Ndiye mtsinje tiusiye, tifunse za anthu.

Pa 11 Novembala 1909, Cairo ili pafupi ndi pachimake pa ulemerero wake, chikhamu cha anthu masauzande chinagwira munthu wakuda dzina lake Will James, amene ankamuganizira kuti wapha mtsikana wachizungu wogwira ntchito m'sitolo. Mlandu sunazengedwe. Pamphambano ya msewu waukulu wa malonda, Commercial Avenue, panali zitsulo zopindika ngati uta zodutsa pamwamba pa msewu, zokongoletsedwa ndi mababu a magetsi, chonyadira cha tauniyo. Anamupachika pamenepo, magetsi akuwala. Chingwe chitaduka anamuwombera, anatentha mtembo wake, ndipo zithunzi za usikuwo anazisindikiza pamakadi ogulitsa. Usiku womwewo anathyola ndende n'kuphanso mzungu wina, Henry Salzner, amene ankamuganizira kuti anapha mkazi wake. Zonsezi zinachitika pa Boma, pamene pali khoti ndi woweruza. Mayi wolimba mtima Ida B. Wells, mtolankhani wakuda, anachoka ku Chicago kudzafufuza, kenako anakaima pamaso pa bwanamkubwa wa Illinois, Charles Deneen, kutsutsa zoti sheriff amene analephera kuteteza wamndendeyo abwezeretsedwe pa udindo, ndipo bwanamkubwayo anamumvera. Koma m'tauniyo mtima sunasinthe. Anthu akuda anapitiriza kukhala m'tauni imene ankaidziwa kuti ingathe kuwachita zimenezo, ndipo azungu anapitiriza kuiyendetsa ngati munda wawo.

Pamene milatho inayamba kuchepetsa nsima m'mbale, panali njira ziwiri. Akanatha kukhala pansi onse n'kuona mmene angalimire munda wina. Anasankha kukankha anzawo kuti asapisemo dzanja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 achinyamata akuda anachita zionetsero kuti nawonso aloledwe kusambira padziwe losambiramo la m'tauni. Mapeto ake dziwelo linatsekedwa. Ganizirani bwino zimenezi: anthu analolera kuti ana awo omwe asowe posambira m'chilimwe chotentha cha kumeneko, bola mwana wakuda asalowe m'madzi amodzi ndi wawo. Ine ndikaifuna mbiri yonse ya Cairo pamalo amodzi, ndimaipeza padziwe limeneli.

Mu Julaye 1967 msilikali wakuda wa zaka 19, Robert Hunt, anapezeka atapachikika m'chitolokosi cha apolisi a ku Cairo. Apolisi anati wadzipha, anthu akuda sanakhulupirire, ndipo kunabuka zipolowe mpaka kunabwera asilikali. Azungu anakhazikitsa gulu lawo lolondera lokhala ndi mfuti, lodziwika ndi zipewa zoyera zimene ankavala. Mu 1969 zipolopolo zinkagwera m'nyumba za boma za Pyramid Courts, momwe munkakhala mabanja akuda. Chaka chomwecho anthu akuda, motsogozedwa ndi m'busa Charles Koen, anapanga gulu la United Front n'kuyamba kunyanyala kugula m'masitolo a azungu. Chimene ankapempha sichinali chodabwitsa: ngati ndalama zathu mukuzilandira pakauntala, lembaninso ana athu ntchito kuseri kwa kauntalayo, ndiponso kupolisi ndi m'maofesi a tauni. Kunyanyalako kunatenga zaka. Eni masitolo ambiri anasankha kutseka n'kusamuka m'malo molemba ntchito munthu wakuda.

Alipo amene mpaka lero amaloza chala onyanyalawo, amati ndiwo anapha malonda a mu Cairo. Manambala sakuwavomereza. Mu 1950 munali anthu 12,123, mu 1960 anatsika kufika 9,348, kunyanyala kusanayambe n'komwe. Tauni inali ikudwala kale. Chimene zaka za m'ma 1960 zinachita ndi kuimana mankhwala: pofika 1970 munatsala 6,277, kutanthauza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anachoka m'zaka khumi. Mwini fakitale wofuna malo omangapo akanasankha bwanji tauni imene usiku kumamveka mfuti, pamene Paducah ndi Cape Girardeau zili pafupi pomwepo? Ndipo wogula amene akukanizidwa ntchito m'sitolo ali ndi ufulu wonse wosunga ndalama yake m'thumba. Amene anali ndi makiyi a sitolo ndiye anali ndi mphamvu yothetsa nkhaniyo tsiku limodzi, ndipo anasankha loko.

Zotsatira zake zinabwera mwakachetechete. Chipatala chinatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kuyambira pamenepo mayi woyembekezera kapena wodwala mtima amayenera kuthamangitsidwa ulendo wautali, nthawi zambiri kuwoloka mtsinje kupita chigawo china. Anthu anali 4,846 mu 1990, n'kufika 3,632 mu 2000. Ndende yaikulu ya ku Tamms, m'county yomweyo, imene inkalemba ntchito anthu a m'deralo, inatsekedwa mu 2013. Golosale yomaliza inatseka mu 2015, moti munthu wofuna kabichi kapena nyama yaiwisi ankayenera kupeza galimoto. Pa nthawi ya chigumula cha 2011 ija, sipikala wa nyumba ya malamulo ya Missouri atafunsidwa kuti pakati pa minda ndi Cairo angakonde chimire chiti, anayankha kuti Cairo, ndipo anadzapepesa pambuyo pake. Mawu oterowo munthu amawalankhula akaona kuti anthu a kumaloko alibe wowalankhulira. Anthu ambiri otsala mu Cairo ndi akuda, pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi alionse, ndipo ambiri ndi osauka.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha nyumba. Nyumba za boma za Elmwood ndi McBride zinamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ndipo McBride ndi Pyramid Courts yomwe ija, anangoisintha dzina. Kwa zaka zambiri amene ankayang'anira nyumbazi ankadya ndalama pa maulendo ndi malipiro awo, pamene m'nyumbamo munali mphemvu, makoswe ndi nkhungu, ndipo m'nyengo yozizira mabanja ena ankatsegula uvuni wophikira kuti ana afunde. Mu 2016 unduna woona za nyumba wa boma lalikulu, HUD, unalanda ulamuliro wa ofesiyo. Anthu anaganiza kuti chipulumutso chafika. Mu Epulo 2017 anauzidwa kuti nyumbazo zigwetsedwa, ndipo boma silimanga zina. Anthu pafupifupi 400, ambiri mwa iwo ana, anapatsidwa mapepala owathandiza kulipira lendi kulikonse kumene angapeze nyumba. Koma mu Cairo munalibe nyumba zalendi zokwanira zoti munthu n'kukhalamo, choncho pepalalo kwa ambiri linali tikiti yotulukira m'tauni. Nduna ya nyumba ya nthawiyo, Ben Carson, inabwera kudzaona, inamva madandaulo, inabwerera. Mu 2019 nyumbazo zinagwetsedwa. Kuba anaba ndi akuluakulu a muofesi, koma amene anasamutsidwa ndi mayi ndi ana ake, ndipo mwana aliyense wochoka anachepetsa kaundula wa sukulu, n'kuchepetsanso ndalama zimene sukuluyo imalandira.

Kalembera wa 2020 atatuluka, Alexander County inapezeka kuti yatsika kuchoka pa anthu 8,238 kufika pa 5,240. Palibe county ina m'dziko lonse la America imene inataya gawo lalikulu chotero la anthu ake m'zaka khumi zimenezo. Boma lomwe lija limene linaphulitsa chipupa kuti lipulumutse tauni ndi limene linasainira kuti anthu ake 400 achoke. Zipupa anaziteteza, ndipo chitseko chachitsulo cha 1914 chotsekera madzi chikadali pamwamba pa msewu wolowera m'tauni kuchokera kumpoto. Koma chitsekocho chinapangidwira kuletsa madzi kulowa, sichingaletse banja kutuluka ndi matilesi padenga la galimoto.

Wina anganene kuti, nanga vuto lili pati? Anthu apita kumene kuli ntchito ndi zipatala, mwina moyo wawo uli bwino kuposa kale, ndipo si nzeru kuthira ndalama za misonkho pamalo otsika amene mtsinje umawaopseza chaka ndi chaka. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo sindikufuna kuti munthu akhale m'nyumba ya makoswe pofuna kukometsa manambala a kalembera. Koma pali kusiyana pakati pa kusamuka chifukwa wafuna ndi kusamuka chifukwa amene anayenera kukonza denga lako anadya ndalama zake. Komanso amene amachoka ndi amene ali ndi mphamvu ndi kothawira. Otsala ndi nkhalamba, odwala ndi osauka kwambiri, ndipo iwowa ndi amene amasenza mtengo wa mapaipi a madzi, mapampu opopa madzi a mvula ndi misewu zimene zinamangidwira anthu 15,000. Tauni ikamachepa, moyo wa wotsalayo umakwera mtengo.

Kukhala pa Boma pakokha sikusunga anthu. Ife tikudziwa mmene zimakhalira pa maboma athu ena: munthu amabwera m'mawa ndi minibasi kudzasainitsa kalata kwa DC kapena kudzamvera mlandu, amagula chipisi ndi fanta pamsika, pofika 3 koloko wakwera kubwerera. Khoti limabweretsa anthu masana okha. Chimene chimagoneka munthu pamalo ndi nyumba yabwino, sukulu ya mwana, chipatala chapafupi, pogula ndiwo ndi ntchito imene salembana poyang'ana khungu kapena mtundu. Khoti la Alexander County likadali ku Cairo, ndipo silinaletse aliyense kuchoka.

Anthu a ku Cairo sanagone. Mu 2023 anatsegula golosale yawoyawo ya kopaletivi, Rise Community Market, patapita zaka zoposa zisanu ndi ziwiri opanda pogulira chakudya chabwino. Patangotha chaka zinamveka kuti malonda sakuyenda bwino, chifukwa sitolo yaing'ono singapikisane mitengo ndi masitolo akuluakulu a m'mizinda yoyandikana nayo, ndipo ogula m'tauni ndi ochepa. Zimenezi sizichotsa ulemu wa amene anayesa. Zikungosonyeza kuti golosale imafuna anthu, ndipo anthu amafuna pogona.

Chiyembekezo chachikulu chimene andale akhala akulonjeza ndi doko. Mu 2020 bwanamkubwa wa Illinois, JB Pritzker, analengeza ndalama zokwana madola 40 miliyoni zoyambira ntchito yomanga doko lamakono ku Cairo, poti maboti a katundu amadutsa pamenepo usana ndi usiku osaima. Mmalawi akamva zimenezi sangalephere kukumbukira Nsanje, nayonso Boma ya kumapeto kwa dziko chakummwera, m'mbali mwa mtsinje, kumene mu Okutobala 2010 tinasonkhana ndi atsogoleri a mayiko oyandikana nafe kutsegulira doko limene mpaka lero silinalandire sitima za katundu zimene tinalonjezedwa. Sindikunena kuti doko la Cairo lidzathera momwemo, ndipo ndikulifunira zabwino. Nkhawa yanga ndi ya dongosolo la zinthu. N'kosavuta kuti wandale aime pamtsinje n'kulonjeza chinthu chachikulu cha mawa kusiyana ndi kumanga nyumba makumi asanu chaka chino, chifukwa doko limakoma pachithunzi pamene nyumba ya mayi wosauka ilibe mwambo wodula riboni wokopa makamera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ku Cairo wa pamphuno anali mabanja aja amene analipo kale, amene ankapempha kuti atsale.

Tiyerekeze kuti dokolo lamangidwa ndipo lalemba anthu ntchito. Adzagona kuti? Ngati mu Cairo mulibe nyumba zoti banja n'kuchita lendi, mulibe chipatala, ndipo sukulu ikunka nichepa, wogwira ntchito padoko adzachita lendi ku Paducah kapena ku Cape Girardeau. M'mawa adzawoloka mlatho kubwera, madzulo adzawoloka kubwerera, malipiro ake akadyera kutsidya, monga amachitira wobwera kukhoti uja. Ndipo mu 2030 owerenga anthu akadzafika ndi mafomu awo, adzamulemba kumene amagona.